Magalasi a VR ndi AR pa nkhani ya chilala ku Tete: amagwira bwanji ntchito, nanga angathandize pati?

M'nkhani za kusintha kwa nyengo masiku ano mukumveka mawu awiri achidule: VR, magalasi oonetsa munthu malo ena ngati ali pomwepo, ndi AR, kuika zithunzi za kompyuta pamwamba pa zimene munthu akuona. Amene amawatchula amati zipangizozi zingathandize madera ouma kulimbana ndi chilala, kukokoloka kwa nthaka ndi kutha kwa mitengo. Mlimi wa ku Changara kapena ku Mágoè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akamva zimenezi ayenera kudabwa kuti magalasi ovala kumaso akugwirizana bwanji ndi chitsime chouma. Ntchito ya zipangizozi ndi imodzi: kuonetsa anthu chinthu chimene maso sangachione nthawi imodzi, monga njira imene madzi amadzera mvula ikagwa, mmene nkhalango yatheramo m'zaka 30, kapena pamene madzi adzafike damu likamangidwa. Kuti chithunzicho chikhale chothandiza zimadalira miyezo imene yachipanga komanso amene akuchionetsa, ndipo pa ziwirizi ndi pamene pagona nkhani.

Dera louma ndi lotani?

Akatswiri sayang'ana mvula yokha poyeza kuuma kwa dera. Amatenga mvula ya chaka chonse n'kuigawa ndi madzi amene dzuwa ndi mphepo zingathe kuumitsa m'nthaka ndi m'zomera pa chaka chomwecho. Yankho likakhala pakati pa 0.2 ndi 0.5, deralo ndi louma pang'ono. Likatsikira pakati pa 0.05 ndi 0.2, ndi louma kwambiri. Pangano la United Nations lolimbana ndi kufalikira kwa chipululu, UNCCD, limene linakhazikitsidwa ku Paris mu 1994, limagwiritsa ntchito muyezo umenewu, ndipo Mozambique ili m'panganoli.

Chigawo cha Tete chili ndi nkhope ziwiri. Kumtunda, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mvula imafika cha m'ma milimita 1,000 pachaka, ndipo chimanga, nyemba ndi kachewere zimachita bwino. Mukatsikira m'chigwa cha Zambezi, mumzinda wa Tete ndi m'maboma a Changara, Marara, Cahora Bassa ndi Mágoè, mvula imangopitirira pang'ono mamilimita 600 kapena kucheperapo, pafupifupi yonse imagwa pakati pa Disembala ndi Marichi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Uku ndi kwa tsanya, milambe ndi masau, kwa mapira, mchewere ndi mbuzi.

Mamilimita 600 si madzi ochepa monga mmene amamvekera. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi malita 10,000, choncho hekitala imeneyo imalandira malita 6 miliyoni pachaka. Vuto ndi lakuti madziwo amabwera m'mivumbi yamphamvu yowerengeka, amagwera pa nthaka youma gwaa yopanda chophimba, n'kuthamangira kumtsinje atanyamula dothi lapamwamba. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzazitsa mtsinje wa Revúbuè mpaka kugwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Patangotha zaka ziwiri, El Niño ya 2023/24 inaumitsa mbewu m'minda ya chigawo chomwechi. Kusefukira ndi chilala zimakumana pa funso limodzi: madzi akagwa pansi amalowera kuti, ndipo angachedwetsedwe pati? Yankho limatsatira maonekedwe a nthaka, kukwera ndi kutsika kwake, ndipo izi ndi zimene VR ndi AR zimatha kuonetsa.

Mapu amene ali pansi pa zonse

Chithunzi chilichonse cha VR kapena AR cha malo enieni chimamangidwa pa mapu a m'kompyuta osonyeza kukwera kwa malo aliwonse. Ufa ukakhala wa chimanga chofumbwa, nsima siikoma ngakhale mutaphikira mu poto watsopano. Mapu akalakwika, magalasi odula amangoonetsa cholakwikacho mokongola.

Miyezo imachokera kuwiri. Koyamba ndi ku masetilaiti. Landsat yakhala ikujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zake zinayamba kuperekedwa ulere mu 2008. Kadontho kamodzi pa chithunzi chake kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Sentinel-2 ya ku Ulaya, imene inayamba mu 2015, imafika pa mamita 10 ndipo imadutsa pamalo amodzi pafupifupi masiku 5 aliwonse. Mapu aulere a kukwera kwa nthaka, monga a SRTM amene anajambulidwa mu Febuluwale 2000, nawonso ndi a mamita 30, ndipo amatha kuphonya kukwera kwa malo ndi mamita angapo. Miyezo ya mvula ya CHIRPS imayambira mu 1981, koma kadontho kake ndi ka makilomita pafupifupi 5. Zonsezi ndi zabwino poona boma lonse kapena chigwa cha mtsinje wa Luenha. Chigwembe cha mamita atatu m'munda mwa munthu sichioneka n'komwe. Ngakhale nkhalango ya tsanya imavuta: owotcha makala akamasankha mitengo ikuluikulu n'kusiya ing'onoing'ono, setilaiti imapitiriza kuona kubiriwira pamene mitengo yeniyeni yatha.

Kwachiwiri ndi ku droni. Droni ya kamera ya mamegapikiselo 20 ikauluka pa mamita 100 imajambula kadontho ka masentimita osakwana 3. Chithunzi chilichonse chiyenera kubwereza 80 peresenti ya chinzake cha patsogolo ndi 70 peresenti ya cha m'mbali, kuti kompyuta ione mwala umodzimodzi kuchokera mbali zambiri n'kuwerengera kukwera kwake. Pa mahekitala 20 zimatuluka zithunzi pafupifupi 250, zolemera magigabaiti awiri, ndipo batire limodzi limakwana. Pulogalamu yaulere ya WebODM imalumikiza zithunzizo kukhala mapu.

Pali zolakwika zinayi zimene zimabwera kawirikawiri. Popanda zizindikiro za pansi, mapu amapindika ngati mbale, pakati n'kukwera kapena kutsika, ndipo madzi a m'kompyuta amayenda njira yabodza. Mankhwala ake ndi kuyala zizindikiro 5 mpaka 10 zakuda ndi zoyera, m'makona ndi pakati, n'kuziyeza ndi GPS ya akatswiri oyeza malo yotchedwa RTK, imene imalondola mpaka masentimita awiri kapena atatu. Chachiwiri, kamera imaona pamwamba pa mitengo, osati pansi pake. N'chifukwa chake nthawi yabwino yojambula ndi Ogasiti ndi Seputembala, tsanya atayoyola masamba, ngakhale kuti nthawi yomweyo utsi wa moto wa lupsa umachititsa chimbuuzi. Chachitatu, mchenga wosalala wa mumtsinje ndi madzi oima zilibe chozindikirira, ndiye mapu amabooka pomwepo. Chachinayi ndi cha malamulo ndi ulemu: kuulutsa droni kumafuna chilolezo cha IACM, bungwe loona za ndege ku Mozambique, komanso kudziwitsa boma ndi amfumu a deralo. Ku Angónia ndi ku Macanga droni siyenera kudutsa pamwamba pa dambwe kapena manda popanda mawu a eni mudzi, ndipo gulu lonyozera zimenezi silidzaloledwanso kubwera.

VR: kulowa m'malo amene simuli

VR, kapena kuti virtual reality, ndi pamene munthu avala magalasi otseka maso onse, m'kati muli masikirini awiri, ndipo akatembenuza mutu chithunzi chimatembenuka naye. Zomuzungulira saziona, amaona malo ena okhaokha. Ivan Sutherland anapanga chimodzi mwa zipangizo zoyamba zovala kumaso ku America mu 1968, cholumikizidwa ku chitsulo chopachikidwa kudenga. Dzina la virtual reality linafala m'ma 1980 kudzera mwa Jaron Lanier. Mitengo ya magalasiwa inayamba kutsika Facebook itagula kampani ya Oculus mu 2014 pa madola 2 biliyoni, ndipo chaka chomwecho Google inatulutsa Cardboard, kabokosi ka katoni kolowetsamo foni wamba.

Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Woyamba ndi kanema wa madigiri 360, wojambulidwa ndi kamera yoona mbali zonse pamalo enieni. Woonera amatha kuyang'ana uku ndi uku koma sangasinthe kanthu. Wachiwiri ndi malo omangidwa m'kompyuta kuchokera pa mapu aja, mmene munthu angayende, kukweza khoma la damu, kudula kapena kubwezeretsa mitengo n'kuona zotsatira. Woyambawo ndi wotchipa ndipo umaonetsa zenizeni. Wachiwiri umafuna akatswiri ndi miyezi ya ntchito, ndipo umaonetsa zimene wopangayo wawerengera kuti zingachitike.

Kanema wa 360 tingamuyerekeze ndi ulendo wokaona kwa anzathu, umene alangizi a zaulimi akhala akukonza kuyambira kale: kutenga alimi pa galimoto kukaona mudzi umene wasamala nkhalango yake kapena wamanga damu la mchenga. Galimoto imanyamula anthu ochepa, ndipo amaona nyengo imodzi yokha. Kanema amatha kuonetsa mtsinje womwewo mu Febuluwale ukusefukira ndi mu Okutobala utauma, m'mphindi zisanu. Chimene chimasowa ndi kucheza: mlimi wopita yekha amafunsa mnzake pambali kuti, "Kodi munagwira masiku angati, nanga amene anakana kugwira nawo munatani nawo?" Kanema sayankha zimenezo.

Kajambulidwe kali ndi malamulo ake. Kamera iime pa miyendo itatu pa msinkhu wa maso a munthu, ndipo isayende. Chithunzi chikamayenda thupi lili phee, woonera amamva chizungulire ndi nseru, chifukwa maso ndi m'makutu zikupereka uthenga wosiyana. Pa chifukwa chomwechi magalasi amayenera kusintha chithunzi ka 72 mpaka ka 90 pa sekondi. Malo amodzi aoneke kwa masekondi 30 mpaka 60, kanema yense asadutse mphindi 5 mpaka 8, ndipo woonera akhale pansi. Mawu akhale m'chinenero cha pamalopo: Chichewa ku Ulónguè ndi Furancungo, Chinyungwe ku Changara ndi Moatize, Chisena ku Mutarara. Kanema wa mphindi 5 amalemera magigabaiti pafupifupi awiri, choncho alowetsedwe m'magalasi musananyamuke m'tauni.

Masamu a pa msonkhano nawo ndi ofunika. Kuvala, kuonera, kuvula ndi kupukuta zimatenga mphindi 10 pa munthu, kutanthauza anthu 6 pa ola pa magalasi amodzi. Pa msonkhano wa anthu 200 ndi magalasi 10, pamafunika maola oposa atatu, ndipo oyamba kuonera amakhala atapita kale. Amfumu ndi akuluakulu akayamba, monga mwa mwambo, amayi amene amatunga madzi tsiku ndi tsiku amatha kutsalira kumapeto, ndipo ena safuna kuphimbidwa kumaso pagulu. Njira yabwino ndi kutumiza chithunzi cha m'magalasi pa pulojekita kuti onse aonere limodzi, ndi kukonza gulu la amayi palokha. Popukuta, mbali yogunda khungu iyeretsedwe pakati pa munthu ndi munthu poopa matenda a maso, pamene magalasi enieniwo apukutidwe ndi kansalu kouma kofewa basi.

Kodi zimasinthadi maganizo? Ofufuza a ku Stanford University, motsogozedwa ndi Jeremy Bailenson, anapeza kuti ophunzira amene analowetsedwa m'nyanja ya VR anamvetsa bwino za kuwonongeka kwa nyanja. Koma mu 2019 Guido Makransky wa ku University of Copenhagen ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ophunzira ovala magalasi anamva ngati alidi pamalopo, koma anaphunzira zochepa kuyerekeza ndi amene anaonera zomwezo pa kompyuta wamba. Zotsatira zonse ziwiri zinachokera kwa ophunzira a m'mayiko olemera. Mlimi wa ku Marara chilala amachidziwa kale ndi thupi lake. Chimene angafune kuona ndi njira imene yagwira ntchito kwa ena a nthaka ngati yake.

AR: kulemba pamwamba pa zimene mukuona

AR, augmented reality, siitseka maso. Munthu amaona munda weniweni kudzera pa kamera ya foni, ndipo pulogalamu imaikapo mizere, manambala kapena chithunzi cha chinthu chimene sichinamangidwe. Dzinali analiyambitsa Tom Caudell wa ku kampani ya ndege ya Boeing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pofuna kuthandiza amisiri kuona njira za mawaya. Anthu ambiri anaidziwa kudzera m'masewera a pafoni a Pokémon Go mu 2016, kenako Apple inatulutsa ARKit mu 2017 ndipo ARCore ya Google inatuluka mu 2018, onse awiri mapulogalamu othandiza foni kuchita AR. Si foni iliyonse ya Android imene imatha ARCore. Zambiri zotchipa zimene zili m'manja mwa anthu sizili pa mndandanda wake.

Lonjezo lake pa ulimi ndi lokopa: mlangizi aloze foni kumunda, aone pamene mzere wa akalozera udutse, pokumba maenje osunga madzi, podzala vetiva. Kuti zitheke foni iyenera kudziwa pamene ili ndi kumene yaloza. GPS ya foni imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, kampasi yake imasokonezeka ndi chitsulo monga khasu, denga la malata kapena galimoto, ndipo kamera imataya njira pa nthaka yofanana paliponse kapena pa udzu wogwedezeka ndi mphepo.

Tiyeni tiwerengere. Pa munda wotsetsereka ndi 5 peresenti, kuphonya ndi mamita 5 chotsika kapena chokwera phiri ndi kusiyana kwa masentimita 25 pa kukwera. Mzere wa akalozera umagwira madzi chifukwa chakuti uli pa levulo imodzi. Ukatsika ndi masentimita 25 mbali ina, madzi onse amathamangira kumeneko, amadzaza, amaphulitsa mzerewo, ndipo pamene panalibe chigwembe chimayamba. Felemu ya A, ya timitengo titatu, chingwe ndi mwala, kapena chingwe chokhala ndi levulo pakati pa ndodo ziwiri, zimalondola mpaka masentimita ochepa, ndipo mlimi amazipanga yekha. Pa kuika zikhomo, zipangizo zakalezi zikuposabe foni yopanda chothandizira. Foni ikalumikizidwa ndi RTK imalondola kwambiri, koma mtengo umakwera ndipo pamafunika siteshoni yoima pa malo oyezedwa kale kapena intaneti yosaduka.

Pamene AR ya foni wamba imathandiza ndi pa zinthu zosafuna kulondola kotere: kuonetsa banja kukula kwa thanki la madzi a padenga lisanamangidwe, kuonetsa anthu mpaka pati madzi anafika pa kusefukira kwapita, kapena kuonetsa mmisiri wa mjigo dongosolo la zitsulo za m'kati mwa pampu pamene akumasula. Pa thanki masamu ake ndi osavuta: denga la malata la masikweyamita 50, mvula ya mamilimita 600, kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu lotayika, ndi malita 24,000 pachaka.

Bokosi la mchenga

Pali mtundu wina wa AR wosafuna foni kapena magalasi, ndipo mwa zonse ndi umene ukuoneka woyenerera kwambiri pa misonkhano ya anthu ambiri. Unapangidwa ku University of California, Davis, mu 2012, ndipo pulogalamu yake, yolembedwa ndi Oliver Kreylos, ndi yaulere. Ndi bokosi la mita imodzi m'litali ndi masentimita 75 m'lifupi, lokhala ndi mchenga wozama masentimita 10, wolemera makilogalamu pafupifupi 90. Pamwamba, pa mtunda wa mita imodzi, pamakhala kamera ya Kinect yoyeza kukwera kwa mchenga ndi pulojekita yoloza pansi. Kompyuta ya Linux yokhala ndi khadi lamphamvu la zithunzi imawerengera, n'kuwalitsa pa mchengapo mitundu ndi mizere ya levulo. Munthu akaumba phiri ndi manja, mizere imasintha nthawi yomweyo. Akatambasula dzanja pamwamba, mvula ya kuwala imagwa n'kuyenderera kutsata chigwa chimene waumba.

Aliyense amene anaonapo anthu akujambula mapu a mudzi pansi ndi ndodo, miyala ndi phulusa aizindikira njirayi. Kusiyana kwake ndi kwakuti pano madzi amayenda. Anthu 10 kapena 15 amaima mozungulira, mmodzi amakumba ngalande, wina amatseka ndi khoma, wa kumunsi amaona pompo kuti madzi ake achepa, ndipo mkangano umene ukanabuka simenti itathiridwa umabukira pa mchenga.

Malire ake ayenera kunenedwa poyera kwa oonera. Madzi a m'bokosili salowa pansi ndipo sauma ndi dzuwa, pamene m'chigwa cha Zambezi ziwirizi ndi zimene zimalamulira. Limafuna chipinda cha mdima pang'ono, chifukwa dzuwa limazimitsa chithunzi cha pulojekita ndi kusokoneza kamera. Likasunthidwa liyenera kuyezedwanso, apo ayi mizere imagwera pambali pa phiri. Mchenga wa fumbi umawononga pulojekita, choncho usefedwe, utsukidwe, ndipo uzinyowetsedwa pang'ono. Malo ake abwino ndi sukulu, ofesi ya SDAE (yoona za ulimi ndi chuma m'boma) kapena koleji monga Instituto Superior Politécnico de Tete, kumene anthu angabwere, osati kuliyendetsa pa msewu wa mabampu.

Chitsanzo: damu la mchenga

Damu la mchenga ndi khoma la miyala ndi simenti lomangidwa pa thanthwe, modutsa mtsinje umene umayenda nthawi ya dzinja yokha. Madzi osefukira amasiya mchenga kuseri kwa khomalo, ndipo madzi amasungika m'mipata ya mchengawo, mmene dzuwa silingawaumitse akakhala pansi kupitirira masentimita pafupifupi 60. Njirayi inafala ku Machakos ndi Kitui ku Kenya, ndipo madamu otere amangidwa kale m'midzi ina ya ku Changara.

Droni imathandiza kupeza malo amene mtsinje wapanikizika pakati pa magombe olimba, kuyeza kutsetsereka kwake, ndi kuona ngati madzi angalambalale khoma n'kudzera m'munda wa munthu. Chithunzi cha VR kapena cha pa pulojekita chimaonetsa mudzi wonse mpaka pati mchenga udzafike, dimba la ndani lidzakwiririke, ndi njira ya ng'ombe idzadutse pati. Izi ndi zenizeni, ndipo ndi bwino kuzikambirana ntchito isanayambe.

Koma zinthu ziwiri zimene zimapha kapena kuchiritsa damu sizioneka kuchokera kumwamba. Choyamba ndi thanthwe: liyenera kufufuzidwa ndi ndodo yachitsulo yokhomedwa mumchenga m'lifupi monse mwa mtsinje, ndi kukumba mayenje oyesera, chifukwa khoma losakhazikika pa thanthwe lopanda ming'alu limadutsitsa madzi pansi. Chachiwiri ndi mtundu wa mchenga. Dzazani ndowa ya malita 20 ndi mchenga wa mumtsinjemo, thirani madzi mpaka ukhute, boolani pansi, muyeze amene atuluke. Mchenga wa miyalamiyala umabweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwake. Matope amagwira madzi osawatulutsa. Khoma likamangidwa lalitali nthawi imodzi limakola matope m'malo mwa mchenga, n'chifukwa chake amisiri ambiri amalikweza pang'onopang'ono dzinja ndi dzinja.

Tiyerekeze kuti mchenga wadzaza mamita 300 m'litali, 15 m'lifupi, ndi mita imodzi kuzama tikaphatikiza pozama ndi posaya. Ndi makiyubikimita 4,500, ndipo pa 30 peresenti ndi malita 1,350,000. Anthu 500 akamatunga malita 20 aliyense patsiku kwa masiku 180 afuna malita 1,800,000, ziweto tisanaziwerenge. Chithunzi cha VR chikhoza kuonetsa madimba obiriwira m'mbali mwa damu limeneli, anthu n'kuombera m'manja, pamene masamu akunena kuti madzi adzatha mvula isanagwe. Wokonza chithunzi woona mtima amaonetsa zaka zitatu, cha mvula yambiri, chapakati ndi cha chilala, ndipo amalemba manambala poonekera.

Kutentha, fumbi ndi magetsi

Zipangizozi zinapangidwira m'nyumba zozizira. Mafoni ambiri analembedwa kuti agwire ntchito mpaka madigiri 35, ndipo AR imatenthetsa foni msanga chifukwa kamera, GPS ndi sikirini zimayaka limodzi. Masana a mu Okutobala foni imadzichepetsa liwiro kapena kuzima. Mabatire a droni sayenera kutchajidwa akadali otentha kapena kusiyidwa m'galimoto yotseka. Magalasi a VR akasiyidwa choloza dzuwa, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kuwala kumasonkhana pamodzi n'kuotcha sikirini, ndipo chilemacho sichikonzeka. Batire lawo limatha pakatha maola awiri kapena kupitirira pang'ono.

Damu la Cahora Bassa, limene linatha kumangidwa mu 1974, limatha kupanga mamegawati 2,075, koma midzi yambiri ya m'maboma ouma ilibe magetsi a gridi. Gulu lopita kumudzi lizinyamula sola ya mawati 200 ndi batire la mavoti 12 la 100Ah. Zimakwana kutchaja magalasi 10 kawiri ndi laputopu imodzi. Chimene chimaiwalika pa bajeti ndi chaka chachiwiri: ndani adzagule batire latsopano, ndani adzakonze pulogalamu ikasiya kugwira, ndipo katswiri amene anaphunzitsidwa akasamutsidwa zidzatsala ndi yani.

Mafunso amene akadali poyera

Mapu a droni ndi a ndani? Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, ndipo limazindikira ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT, wa anthu okhala pamalo mwa mwambo ngakhale alibe pepala. Mapu olondola angathandize mudzi kuteteza malire ake, msipu ndi manda. Mapu omwewo angasonyezenso munthu wa ndalama pamene pali madzi, mitengo ya matabwa kapena malo ooneka ngati alibe mwini pamene ndi tsala lopumitsidwa. Kodi mafailo azisungidwa kuboma, kwa bungwe lojambula, kapena kwa komiti ya mudzi, ndipo ndani angaletse kuti asaperekedwe kwa wina?

Ndani amasankha tsogolo loonetsedwa? Mabanja amene anasamutsidwa kuchoka ku migodi ya malasha ya Moatize kupita ku Cateme ndi Mualadzi anadandaula za nthaka youma ndi kusowa kwa madzi, ndipo Human Rights Watch inalemba za madandaulowa mu 2013. Ena anganene kuti anthu akanaona malowo mu VR m'nyengo zonse akanakambirana ali ndi chidziwitso chokwanira. Ena anganene kuti chithunzi chokonzedwa ndi wofuna kuti anthu avomere n'choopsa kuposa mawu, popeza munthu amakhulupirira zimene waona ndi maso. Kodi pa zokambirana za malo chithunzi chotere chiyenera kuyamba chayesedwa ndi munthu wosakondera mbali?

Ndalama zomwezo zikanagula chiyani? Mtengo wa droni, RTK, magalasi ndi maphunziro ungafanane ndi matumba ambiri a simenti kapena kukonza mijigo ingapo yakufa. Okonda zipangizozi amati damu limodzi lomangidwa pamalo olakwika limataya zambiri kuposa pamenepo. Okayikira amati mmisiri waluso wokhala ndi ndodo yachitsulo ndi levulo akanapewa cholakwika chomwecho. Kuti zidziwike pafunika kufananiza midzi imene inagwiritsa ntchito zipangizozi ndi imene sinatero, n'kuwerenga mizere ya akalozera yotsala, mitengo yopulumuka ndi miyezi imene chitsime chinapereka madzi patapita zaka zitatu kapena zisanu.

Nanga chidziwitso cha eni dera chilowa bwanji m'mapu? Agogo amene amadziwa pamene mchenga wa mumtsinje umakhala wonyowa mpaka Novembala, kapena chitsime chimene madzi ake ndi amchere, ali ndi miyezo imene setilaiti ilibe. Kodi adzafunsidwa mapu asanapangidwe kapena adzangoitanidwa kudzaonera atatha? Ndipo wowotcha makala wa m'mbali mwa msewu wa Tete ndi Changara akaona m'magalasi nkhalango yake itatha zaka 20 zikubwerazi, koma ana akufuna chakudya sabata ino, ndani adzabwere ndi njira ina yopezera ndalama, ndipo idzachokera pa bajeti iti?